Ndinalira Maliro a Amuna Anga M'nkhokwe

Mukafika kwathu kuno ku Mualadzi n'kufunsa za mkazi amene anaikitsa masamba a maliro pamsewu mwamuna wake ali moyo, musavutike kufufuza, ndine. Masambawo sindinathyole ndi manja anga, koma mlandu wonse unagwera ine, ndipo ukwati wanga unatsala pang'ono kutha. Mpaka lero ndikafika pachitsime amayi ena amayamba kutsokomola. Atsokomole! Nkhaniyi ndifotokoza ndekha, chifukwa imene ikuyenda m'mudzi muno yachuluka mchere.

Ine kuyambira utsikana ndimatha kutengera mawu a anthu. Nkhalamba yopanda mano, abusa atafika pakati pa ulaliki, chidakwa chikupempha fodya, onsewa amakhala pakhosi panga pano. Amuna anga, bambo a Rozita, amanyamula anthu pa mota, njinga yamoto, pakati pa Mualadzi ndi Chifunde. Atagula telefoni yatsopano anandisiyira yakale, yong'aluka galasi pakona. M'telefoni imeneyo ndinapezamo maphunziro a mayi wina wa mumzinda, amene amaphunzitsa m'Chipwitikizi mmene munthu angasewerere sewero ndi mawu okha, n'kulijambula ali pakhomo pake. (Mamega a intaneti amene ndinkapatsidwa kuti ndizilankhulira ndi mchemwali wanga wa ku Tete anathera kwa mayi ameneyo. Mchemwali wanga ankaganiza kuti ndamukwiyira.)

Ndinapeka sewero langa la mkazi wina dzina lake Marita, ndipo anthu onse a m'sewerolo ndinali ine ndemwe. Marita ine, mwamuna wake ine, mkazi wansanje wa kuseri kwa nyumba ine. Bambo a Rozita atamva anangoseka, kenako anandichenjeza.

"Sewerani, koma zisandichititse manyazi. Kumbukirani kuti ine pano ndine mkamwini. Amayi akangomva zopusa adzabwera kudzanditenga."

Sankanama ayi. Apongozi anga amakhala kumudzi wina cha ku Nsadzo, ndipo chikwatirane chathu sanasiye kunena kuti mwana wawo akutha mphamvu kumudzi kwa eni. Ankangosowa chifukwa.

Vuto loyamba linali malo ojambulira. M'nyumba mwathu ndi mwa malata, mawu ankamveka ngati ndikulankhulira mu ndowa. Panja tambala. Ukathamangitsa tambala, mbuzi. Mbuzi ikakhala chete, a Nabanda oyandikana nafe ayamba kusinja. Tsiku lina ndinajambula Marita akuuza mwamuna wake mawu achikondi, ndipo pomvetsera ndinapeza kuti kumbuyo kwake a Nabanda akukalipira nkhumba. Mphunzitsi wanga uja ankati lowani m'kabati ya zovala, zovalazo zimameza phokoso. Kabati! Zovala zathu ife zimakhala pachingwe.

Ndiye m'mwezi wozizira uja, titangotuta chimanga, ndinayang'ana nkhokwe yathu itadzaza, nzeru n'kundibwerera. Ndinakwera makwerero, ndinatukula denga pang'ono, ndinalowa n'kukhala pamwamba pa chimanga nditafunda bulangete. Epa! Mawu anatuluka oyera ngati a pa wailesi. Chimanga chija chinkameza phokoso lonse, la kunja osalowa, langa osatuluka. Ndinajambuliramo magawo asanu. Anankafumbwe ankandiyenda m'kapulana, nsalu yanga yam'chiuno, koma ndinkapirira. Magawowo ndinkawasiya kubaraka, kasitolo ka pamsika, anthu n'kumakoperana m'matelefoni, ndipo amayi ankamvera akusenda mtedza. Ena ankandiimitsa panjira kundifunsa kuti Marita adzamugwira liti wansanje uja. Mutu wanga unakula, sindikana.

Gawo lachisanu ndi chimodzi ndi limene linandigwetsa. M'gawo limeneli mwamuna wa Marita amamwalira, ndipo Marita amayenera kulira. Ndinayesa kamodzi chapansipansi, ndinapita nazo kwa azakhali anga a Naphiri. Azakhali amenewa pa maliro alionse m'mudzi muno ndiwo amatsogolera kulira. Akangoyamba iwo, ngakhale mlendo wongodutsa amapukuta m'maso. Anamvetsera, anandibwezera telefoni.

"Ameneyu akulira mwamuna kapena waponda minga?"

Zinandipweteka, koma ndinadzichepetsa. "Ndiye ndiphunzitseni, azakhali."

"Iwe! Maliro sayeserera. Ukalira popanda mtembo ndiye kuti ukuitana mtembo. Imfa si yogontha, mwana iwe. Amenewo ndi malodza."

"Koma a pa wailesi amalira tsiku ndi tsiku, safa."

"Unawawerenga kuti atsala angati?"

Ndinachoka ndili ndi mkwiyo. Mumtima ndinati, chabwino, khalani nako kulira kwanuko, ine ndili ndi mphunzitsi wa mumzinda. Ndipo mphunzitsiyo analidi ndi phunziro la kulira. Anati misozi yabodza imamveka, choncho usanalire uziganizira munthu weniweni amene umam'konda, um'one m'maganizo atakusiya. Mayiyo anati kuganizira. Kuganizira basi. Zoitana dzina mokweza ndinawonjezera ndekha, ndipo pamenepa sindinamizira wina.

Linali Lachiwiri, nthawi ya kubandira, mudzi wonse uli kuminda. Bambo a Rozita ananyamuka m'mamawa ndi munthu wopita kuchipatala ku Chifunde, msewu uli woterera chifukwa mvula inali itagwa dzulo lake. Rozita anali kusukulu. Ndinati lero ndi lero. Ndinabisa khasu langa kuseri kwa khitchini kuti anthu aziti ndili kumunda, ndinakwera makwerero, ndinalowa.

Apa ndiye panali kupusa kwanga kwenikweni, kumene mwana wa mlimi sayenera kuchita. Nthawi ya kubandira nkhokwe imakhala yodzaza? Chimanga chonse chija tinali titadya. Ndinatsikira pansi penipeni pa nkhokwe, pamene panangotsala timaso towerengeka ndi zitsononkho. Ndinaona ndithu kuti mwakula m'kati, ndinakondwera kuti lero nditambasula miyendo. Sindinaganize kuti chimene chinkameza mawu chinalowa kale m'mimba mwathu, ndipo chatsala ndi dengu lalikulu la nsungwi, la mipata paliponse, lokwezedwa m'mwamba pakati pa mudzi.

Ndinatseka maso. Ndinawaona bambo a Rozita pa mota yawo, atafika pa mlatho wa mitengo wa pamsewu wa ku Chifunde, tayala laterereka. Ndinati ndiyambe ndatenthetsa mawu ndi dzina lawo, kenako ndijambule za Marita. Ndinatsegula pakamwa.

"Mayo ineee! Bambo a Rozita ineee! Mota yandilanda mwamuna ineee! Mwandisiyira yani mwanayu?"

Abale anga, zinatuluka! Tsitsi linandiimirira ndekha. Ndinabwerezanso, mokweza kuposa poyamba. Kachitatu ndinafika pogunda nsungwi ndi manja. Misozi ili chuchuchu ndinayatsa chojambulira n'kulira za Marita, ndipo nditamaliza ndinati azakhali akamva izi adzameza mawu awo. Kenako ndinafunda bulangete kumutu, ndinaika timawaya tomvera m'makutu, ndinayamba kudula ndi kulumikiza mawu amene ndinajambulawo. Ntchito imeneyi imadya nthawi. Nditamaliza ndinati ndimvetsere sewero lonse kuyambira gawo loyamba, kuti ndione ngati likugwirizana. (Zoona zake ndinkangofuna kudzimva. Ndani sadzikonda?)

Zimene zinkachitika kunja ndinazimva pambuyo pake. A Nabanda anali atabwerera kumudzi kudzatenga madzi akumwa. Anamva kulira kwanga, dzina analimva, mota anaimva. Ndipo inu mukudziwa mwambo wathu, munthu akamva mfuu wa maliro safunsa mafunso, amaulandira. A Nabanda anaponya chigubu pansi, anayamba kulira, anathamangira kuminda manja ali kumutu. Woyamba kuwamva anaulandira, wachiwiri anaulandira, makasu anagwa m'mizere mpaka kudambo. Wina anaimbira telefoni bambo a Rozita, sinalowe, poti msewu wa ku Chifunde uli ndi malo ambiri opanda netiweki. Kusalowa kwa telefoniko anthu anakutenga ngati umboni. Wina anaimbira abale awo ku Nsadzo, ndipo imeneyo ndiye inalowa bwinobwino. Anyamata anathyola masamba n'kuyala pamsewu mbali zonse ziwiri. Amuna anatulutsa mipando. Ine anandifuna m'nyumba, kuchimbudzi, kumunda, osandipeza, mpaka ena anapita kumtsinje poopa kuti ndadziponya m'madzi. M'nkhokwe munthu angafunemo namfedwa?

Nditachotsa timawaya tija m'makutu ndinamva kulira. Poyamba ndinaganiza kuti telefoni sinazime. Ndinaigwedeza. Kulira kuli pompo, ndipo si kwa munthu mmodzi. Ndinasuzumira pampata wa nsungwi, ndinaona bwalo lathu ladzaza, amayi atakhala pansi pakhonde, azakhali a Naphiri ali pakati akutsogolera. Ndinatchera khutu kuti ndimve akulira yani.

"Mkamwini wathu ineee! Bambo a Rozita ineee!"

Tsopano apa mundimvetse. Anthu amati ndinadziwa kuti ndayambitsa ndine koma ndinapitiriza dala. Bodza! Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti nkhokwe yanga situlutsa mawu. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi mawu a azakhali, akuti imfa si yogontha. Ndinati ndawapha. Ndawaitanira imfa ndi pakamwa panga, pa mlatho womwe uja ndinauona nditatseka maso. Sindikumbukira kuti makwerero ndinatsika bwanji, akuti ndinangogwa ngati thumba, gaga ali m'mutu monse.

Pamenepo ndinalira. Zija za m'nkhokwe zinali zoseweretsa. Ndinagubuduka pafumbi, ndinang'amba bulauzi, ndinaitana amuna anga ndi dzina lawo la ubwana limene sindinalitchulepo pagulu. Amayi anandigwira anayi. Palibe anandifunsa kuti ndamva kwa yani, poti onse ankadziwa kuti uthenga unachokera kwa ine. Inenso sindinafunse kuti amva kwa yani, poti ndinkaona kuti mudzi wonse sungalire chabe. Azakhali anandinong'oneza kuti, "Lira mwana wanga, lira," ndipo ine ndinawagwira miyendo n'kumati, "Munanena, azakhali, munanena!"

Dzuwa litapendeka bambo a Rozita anatulukira pamsewu. Ataona masamba anachita zimene munthu aliyense woleredwa bwino amachita. Anazimitsa mota, anavula chipewa, anayamba kukankha mwaulemu. Anyamata amene anali pamsewu atawaona analowa m'chimanga osayang'ana m'mbuyo. Bambo a Rozita anadabwa, koma anapitiriza kukankha. Ataona kuti khamu lili pakhomo pawo anaganiza za ine ndi Rozita. Anaimika mota, anapita chowerama kumene kunakhala amuna, anagwada pambali pa malume anga amene anali atazyolika.

"Malume, pepani. Watisiya ndani?"

Malume anadzutsa mutu. Anawayang'ana kumaso, anawayang'ana kumapazi ngati akugunda pansi.

"Ndinu, bambo."

Ndiye chipwirikiti! Mipando inagwa. A Nabanda analumpha mpanda umene mbuzi zimaulephera. Azakhali kulira kunawathera pakamwa pali yasa. Ine ndinadzuka, ndinathamanga, ndinawakumbatira amuna anga pamaso pa malume ndi mudzi wonse, chinthu chimene mkazi wa kuno sachita, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Ankanunkha petulo ndi thukuta. Ndinawagwira makutu, ndinawagwira mphuno, ndinali ndi chimwemwe choti sindinakhalepo nacho.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Anthu atabwerera mmodzimmodzi, malume anayamba kufufuza. Iwe unamva kwa yani? Kwa uje. Uje unamva kwa yani? Chingwe chinayenda kuchokera kudambo, kudutsa minda yonse, mpaka chinafika pa a Nabanda.

"Ine ndinamva mwini wake akulira," anatero a Nabanda. "Mawu ankachokera cha kunkhokwe."

Maso onse anatembenukira kunkhokwe. Kenako anatembenukira ku gaga wa m'mutu mwanga. Ndi pamene nzeru zinandibwerera, mochedwa.

Ndisanatsegule pakamwa tinamva kulira kwina kukuchokera kumsewu. Anali apongozi, atakwezedwa pa kaliyala wa njinga ulendo wonse wochokera kwawo, opanda nsapato, mawu atasasa. Apa sindiseka, ndipo inunso musaseke. Mayi amenewa anaikapo kale mwana wina wamwamuna amene anafera pamsewu. Atamuona mwana wawo ataima, anakhala pansi pafumbi n'kumangomusisita mwendo. Chinthu chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo ndi chokhacho m'nkhani yonseyi chimene ndimachita nacho manyazi enieni.

Nkhani inakambidwa patapita masiku awiri, ankhoswe a mbali zonse atakhala pansi pa mtengo wa mango. Apongozi sanazungulire.

"Mkazi wolira mwamuna ali moyo ndiye kuti wamutopa. Mwana wanga ndikumutenga. Ngati akufuna atsale, telefoni imeneyo iponyedwe m'chimbudzi ine ndikuona, ndipo zamasewerazi zithe lero."

Malume anandiyang'ana ndi diso lakuti vomera msanga. Ndinayenda chogwada mpaka pamapazi pa apongozi, nkhuku ili m'manja.

"Amayi, ndinakulakwirani. Ulendo umene munayenda mukulira uja, ndilibe mawu. Nkhuku iyi landirani. Onse amene anasiya makasu tsiku lija ndikawabandirira minda yawo, mmodzimmodzi, mpaka ndimalize."

Anthu anavomereza ndi mitu. Ndikanalekera pomwepo bwenzi zitatha bwino. Koma pakamwa panga mukupadziwa.

"Koma telefoni sinditaya."

"Iwe!" anatero malume.

"Sinditaya, malume. Ndinalakwa kutchula dzina, ndavomera. Koma amene anayala masamba osaona mtembo ndine? Amene anaimba ku Nsadzo ndine? Mudzi wonse, amuna a ndevu zawo, panalibe mmodzi woti akwere njinga akaone pa mlatho? Ine chiyambire ndimalima, ndimaphika, ndimatunga madzi, palibe anandiimitsapo panjira kundiyamikira. Chinthu chimodzi chokha chimene ndimachita anthu n'kundifunsa kuti kenako chichitike n'chiyani, chimenecho ndiye ndiponye m'chimbudzi? Ayi."

Ndinkadziwa kuti mwina ndadzithetsera ukwati ndekha. Azakhali anati, "Mwamuona? Mutu ngati mwala." Apongozi anaimirira n'kumanga kapulana.

"Wamva wekha," anauza mwana wawo. "Tenga mota yako tizipita."

Bambo a Rozita ankajambula pansi ndi kamtengo. Ine ndinkangoyang'ana kamtengoko.

"Amayi," anatero, "anthu ambiri saona maliro awo. Ine ndaona anga. Pamene ndinkafika paja, amuna ena anali atayamba kale kufunsana kuti mota itsala ndi yani. Ndinawamva, ndipo ali pompano." (Amuna awiri anayamba kuyang'ana mango m'mwamba.) "Amene ndinamupeza akugubuduka pafumbi, bulauzi itang'ambika, ndi uyu. Sindichoka."

Kenako anatembenukira kwa ine, nkhope ili gwa.

"Koma inu, dzina langa lisadzalowenso m'nkhokwe. Mukafuna kupha munthu m'sewero lanu, iphani wina."

Apongozi nkhuku analandira, koma chakudya chathu anakana, ndipo anabwerera tsiku lomwelo. Mpaka pano akatuma moni amati kwa mwana wawo ndi kwa Rozita, ine amandidumpha. Ndimawatumizirabe nyemba zikacha. Minda ija ndinabandira milungu itatu, manja anatuluka matuza, ndipo eni minda ankakhala pamthunzi n'kumandiuza kuti ndiwalirireko pang'ono ntchito iziyenda. Abusa a ku Ziyoni kwathu anandilalikira masabata awiri osanditchula dzina. Ndinkakhala kutsogolo dala, n'kumayankha ameni mokweza kuposa onse.

Gawo lachisanu ndi chimodzi ndinalitulutsa. Inde, ndinalitulutsa, mumati nditani? Dzina la amuna anga mulibemo, muli Marita yekha akulira wake. Ndisanapite nalo kubaraka ndinawapatsa bambo a Rozita kuti amve, ali pakhonde akukonza tcheni cha mota. Anamvetsera mpaka kumapeto, anachotsa timawaya m'makutu, anapukuta manja pa kansanza.

"Si zoipa," anatero. "Koma tsiku lija pabwalo munalira bwino kuposa apa."

"Tsiku lija munali mutafa."

"Ndiye simunajambule?"

"Ndikanajambula bwanji? Telefoni ndinaisiya m'nkhokwe."

Anapukusa mutu, anabwerera ku tcheni chawo.

"Mwataya mwayi," anatero. "Ine sindifanso kawiri."